Usiku Umene Anthu a ku Buffalo Anakondwerera Kugonja Kwawo

Pa 26 Malichi 2015, mumzinda wa Buffalo ku America, munachitika chinthu chimene okonda masewera sanathe kuchikambirana mpaka lero. Timu ya mumzindamo, Buffalo Sabres, inkasewera pakwawo ndi alendo ochokera kutali, Arizona Coyotes. Nthawi itatha zigoli zinali 3 kwa 3, motero anawonjezera mphindi. Posakhalitsa mnyamata wa alendo, Sam Gagner, anamwetsa chigoli chopambanira. Pamenepo khamu la eni mudzi linaimirira ndi kuomba m'manja, ambiri atavala malaya a timu yawo yomwe yagonjayo. Osewera a Buffalo anatuluka m'bwalo akumva anthu awo akukondwerera kugwa kwawo, ndipo mmodzi wa iwo, Mike Weber, sanabise kwa atolankhani kuti zimenezi zinamulasa mtima.

Kodi anthu amenewa anali atazungulira mutu? Ayi ndithu. Koma kuti timvetse chimene chinawachititsa, tiyambe tadziwa mmene masewerawa amayendera.

Masewera tikunenawa ndi a hockey, osati ija ya pabwalo la udzu imene ena a inu munaionapo, koma ya pamadzi oundana. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 6 m'bwalo, kuwerengera ndi goloboyi yemwe. Amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chakuthwa kunsi kwake, ndipo amathamangitsa ndi ndodo kamphira kakuda kophwatalala. Ligi yaikulu ndi National Hockey League, ya matimu a ku Canada ndi ku America pamodzi, amene mu 2015 analipo 30. Timu iliyonse inkasewera masewero 82 pa chaka, ndipo matimu 16 ochita bwino ndiwo amalowa m'ndime yachipulula kukalimbirana chikho chotchedwa Stanley Cup.

Tsono pali kusiyana kwakukulu ndi mpira wamiyendo umene tinauzolowera. Mumpira wamiyendo timu yothera kumchira imatulutsidwa mu ligi, ndipo mantha a kutulukako ndiwo amachititsa kuti imenye nkhondo mpaka tsiku lomaliza. Mu ligi ya hockey imeneyi satulutsa timu. M'malo mwake wothera kumchira amalandira mphatso. Chaka chilichonse ligi ikatha, matimu amakhala pansi kusankha anyamata a zaka 18 amene akuchokera m'matimu aang'ono ndi m'masukulu, mwambo umene amautcha draft, ndipo amene anachita moipa ndiwo amayamba kusankha. Cholinga cha lamuloli ndi chachifundo, chakuti wofooka apatsidwe pogwira. Koma pozindikira kuti ena angamagonje dala, akuluakulu a ligi anaikapo maere. Mu 2015 timu yotsiriza inali ndi mwayi wa 20 pa 100 wosankha poyamba, ndipo ikaphonya pamenepo sikanatsika kupyola malo achiwiri. Chaka chimenecho kunali anyamata awiri amene aliyense ankawanena kuti ndi osowa, Connor McDavid wa ku Canada ndi Jack Eichel wa ku America. Wothera kumchira anali wotsimikiza kutenga mmodzi wa awiriwa. Buffalo ndi Arizona ndiwo ankalimbirana mchirawo. Amene ankaomba m'manja usiku uja anali atawerengera bwino lomwe masamu awo.

Ndipo si iwo anayamba. Njira ya kumchira inalambulidwa ndi akuluakulu a timu. Mu Epulo 2013 manijala wamkulu, Darcy Regier, anatumiza kaputeni Jason Pominville ku Minnesota, ndipo kumapeto kwa mwezi womwewo anachenjeza otsatira timu kuti akonzekere kuvutika. Mu Okotobala anasinthanitsa Thomas Vanek, katswiri wawo womwetsa zigoli. Regier atachotsedwa, wolowa m'malo mwake, Tim Murray, anapitiriza. Mu Febuluwale 2014 anatumiza ku St. Louis goloboyi Ryan Miller, amene anali nkhope ya timuyo kwa zaka pafupifupi 10. Pobweza ankalandira makamaka anyamata osakhwima ndi malo osankhira a zaka zam'tsogolo. Chaka chotsatira zinafika poseketsa. Magoloboyi awiri, Jhonas Enroth ndi Michal Neuvirth, ankagwira bwino kuposa mmene zinkafunikira, ndipo onse awiri anatumizidwa kwina ligi isanathe. Mu Febuluwale 2015 Murray anapereka osewera athanzi ku Winnipeg ndi kutengako Evander Kane, katswiri ndithu, koma amene anali atavulala phewa ndipo sakanaseweranso chaka chimenecho. M'mwezi wonse wa Januwale 2015 timuyi sinapambane ngakhale kamodzi. Inamaliza ligi itapambana masewero 23 okha mwa 82, ndi mapointi 54, awiri kuchepera pa a Arizona. Mchira unapezeka.

Pa zonsezi otsatira timu anagawanika pawiri, ndipo mkangano wawo unalowa m'nyumba, m'malo a ntchito ndi pa wailesi. Gulu loyamba linkati: taonani Pittsburgh, imene inagona pansi zaka zingapo, nkutola Marc-André Fleury mu 2003, Evgeni Malkin mu 2004 ndi Sidney Crosby mu 2005, kenaka nkutenga chikho mu 2009. Taonani Chicago, imene inatola Jonathan Toews mu 2006 ndi Patrick Kane mu 2007, nkutenga chikho mu 2010 ndi mu 2013. Linkatinso: kuyambira 2005 ligi inaika malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse, choncho ngakhale mwini timu akhale mpondamatiki sangagule akatswiri mmene afunira; ndiponso katswiri amene ali ndi ufulu wosankha kokasewera sathamangira ku Buffalo, kumzinda wozizira wopanda zokopa zambiri. Khomo lokhalo lopezera munthu wonga McDavid ndi la kumchira. Kukhala pakatikati, osati pamwamba osati pansi, ndiko kufa pang'onopang'ono. Sunga khosi, iwo ankatero, mkanda woyera udzavala.

Gulu lachiwiri linkayankha kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu walipira ndalama zake pakhomo, wabwera ndi mwana wake, ndiye amuuze mwanayo kuti lero tikupempha kuti athu agonje? Linkanena kuti amene akondwerera chigoli cha mlendo wataya dzina la wochemerera, ndipo kuti osewera amene akuthyoka mano ndi nthiti m'bwalomo sanalakwire munthu.

Ine sindingawatche anthu a gulu loyamba aja opandukira timu yawo. Tiyenera kukumbukira mzinda umene akukhalamo. Buffalo ali m'mphepete mwa nyanja ya Erie, pafupi ndi mathithi a Niagara, ndipo kale anali mzinda wa mafakitale a zitsulo ndi nkhokwe za tirigu. Mu 1950 munali anthu oposa 580,000. Pofika 2020 sanakwane 280,000. Timu yawo inayamba mu 1970, inafika m'ndime yomaliza mu 1975 ndi mu 1999, koma konse kuwiri inabwerako chimanjamanja. Pamene Terry Pegula ankagula timuyi mu Febuluwale 2011, analonjeza poyera kuti cholinga chake chokha ndi chikho. Anthu amene adikira zaka 45 ndipo auzidwa ndi eni timu kuti njira ya kuchikho ikudzera kumchira, mungawadzudzule bwanji akakhulupirira? Lamulo limene limapatsa mphotho wogonja ndilo linaika anthu okonda timu yawo pamalo oti aifunire zoipa. Mlandu woyamba ndi wa olemba lamulo, wachiwiri ndi wa amanijala amene analigwiritsa ntchito mopanda manyazi. Wochemerera ali kumapeto kwa mzere.

Komabe gulu loyambali linalakwa, ndipo kulakwa kwake ndi kumene ndifuna tikhalepo pang'ono, pakuti nkofala pakati pa onse amene amakangana za kugula ndi kugulitsa osewera. Linkaona timu ngati thumba la ndalama, mmene mungachotse makobiri khumi ndi kuikamo pepala limodzi la mtengo womwewo popanda chotayika. Pokambirana, wosewera sankatchedwanso munthu koma katundu: uyu mtengo wake ukutsika, mugulitseni msanga, uyu zaka zake zapitirira, tipezepo malo osankhira. Mwa kuwerengera kotere zaka ziwiri za kugonja zinali ngati ndalama zosungitsa kubanki, zimene zidzatuluka ndi chiwongoladzanja. Chimene masamuwa sankatha kuwerenga ndi chakuti anthu amaphunzira zimene akuchita tsiku ndi tsiku. Mnyamata amene walowa m'nyumba mmene kugonja sikukhumudwitsa aliyense wa pamwamba, mmene goloboyi akagwira bwino amasamutsidwa, amaphunzirapo kanthu, ndipo phunzirolo silifufutika tsiku limene manijala walengeza kuti tsopano tiyambe kupambana. Miller, Vanek ndi Pominville anali otsala a timu ija imene inafika pafupi ndi ndime yomaliza mu 2006 ndi mu 2007. Iwowa ndiwo ankakumbukira mmene kupambana kumakhalira mumzinda umenewo ndi m'malaya amenewo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo dambolo linagulitsidwa moto usanafike. Nzoona kuti timu inabweretsa achikulire ena ochokera kwina, monga Brian Gionta amene anakhala kaputeni mu 2014, koma mlendo wobwera pakati pa chigumula sangaphunzitse ana mmene mudzi unkaonekera.

Maere anachitika mu Epulo 2015, ndipo anagwera Edmonton, imene mwayi wake unali wochepera pa wa Buffalo. McDavid anapita kumeneko. Buffalo inatenga Eichel, mnyamata waluso zedi, amene tsoka lake linali kulowa mumzinda umene unali utalota za munthu wina. Pa mapewa a mwana wa zaka 18 anasenzetsapo ngongole yonse ya zaka ziwiri za manyazi. M'zaka 6 zimene anasewera kumeneko anadutsa m'manja mwa aphunzitsi atatu, Dan Bylsma, Phil Housley ndi Ralph Krueger, aliyense ndi kaseweredwe kake, ndipo sanalaweko ndime yachipulula ngakhale kamodzi. Kuchokera pamene Lindy Ruff anachotsedwa mu 2013 kufikira pamene anabwezedwa mu 2024, timuyi inasintha aphunzitsi 6. Kuyambira 2012 mpaka 2025, zaka 14 zotsatizana, sinalowe m'ndime yachipulula, chilala chimene timu ina iliyonse mu ligiyi inali isanachionepo.

Pamenepa a gulu loyamba ali ndi yankho, ndipo si lopusa. Amati kugwetsa nyumba kunali koyenera, cholakwika chinali kamangidwe. Amakumbutsa kuti Murray, atangotenga Eichel, anataya mtima wodikira: mu Juni 2015 anapereka anyamata ndi malo osankhira kuti apeze Ryan O'Reilly ndi goloboyi Robin Lehner, namwaza msanga chuma chimene anachisonkhanitsa ndi misozi ya anthu. Muli choonadi mmenemo. Koma yankho limeneli likuvomereza mosazindikira mfundo ya anzawo aja. Ngati zonse zikudalira luso la womanga, ndiye kuti kugwetsa pakokha sikulonjeza kanthu. Kugwetsa angathe aliyense. Sipafunika nzeru kuti ugulitse goloboyi wabwino. Amene ankatchula Pittsburgh ndi Chicago ankaiwala kutchula Edmonton yomweyo, imene inasankha poyamba mu 2010, mu 2011 ndi mu 2012 koma mu 2015 inali ikadali pansi kudikira maere ena. Ankaiwalanso Arizona, mnzawo wolimbirana naye mchira, imene inatsiriza ulendo wake mu 2024 pamene osewera ake onse anasamutsidwira ku Utah.

Umboni wolemera koposa ndi wa anthu amene anachoka. O'Reilly, kumapeto kwa ligi mu Epulo 2018, ananena poyera kuti timu yazolowera kugonja ndipo kuti iye mwini nthawi zina ankataya chikondi chake pa masewerawa. Ambiri anakwiya, nati munthu wolandira ndalama zochuluka chotere sayenera kuyankhula motero. Pa 1 Julayi anatumizidwa ku St. Louis. Chisanathe chaka, mu Juni 2019, ananyamula Stanley Cup ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'ndime yachipulula. Sam Reinhart, amene Buffalo inamusankha pa malo achiwiri mu 2014 monga chipatso choyamba cha kuvutika kuja, anatumizidwa ku Florida mu Julayi 2021. Mu 2024 ndiye anamwetsa chigoli chimene chinapatsa Florida chikho pa masewero achisanu ndi chiwiri, ndipo mu 2025 anamwetsa zigoli 4 pa masewero otsiriza pamene anatenganso chikhocho. Nanga amene anagonja kawiri konseko ndani? Edmonton ya McDavid. Mnyamata amene Buffalo inamutaya anagonjetsa kawiri mnyamata amene Buffalo inamulirira. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, nzoona, koma ana a ng'ona akamakula onse atangochoka m'dziwe lomwelo, tiyenera kufunsa za madzi ake.

Nkhani ya Eichel ndiyo yowawa kuposa zonse, chifukwa m'menemo mawu akuti katundu anasiya kukhala fanizo. Mu Malichi 2021 anavulala khosi. Kachichereŵechereŵe ka pakati pa mafupa a msana kanatuluka m'malo mwake. Iye, atafunsa madokotala ake, anafuna opaleshoni yoikapo kena kochita kupanga. Madokotala a timu anakana, pakuti panalibe wosewera wa mu ligiyi amene anachitidwapo opaleshoni yotere, ndipo anafuna njira yozolowereka yolumikiza mafupa awiriwo kuti akhale limodzi. Pangano la pakati pa ligi ndi bungwe la osewera linkapatsa timu mawu omaliza. Motero munthu wa zaka 24 anakhala miyezi yambiri ndi khosi lopweteka, osaloledwa kulichiza mmene iye anafunira, pamene amanijala ankadikira mtengo wabwino. Mu Seputembala anamulanda ukaputeni. Sindikunena kuti madokotala a timu anali ndi mtima woipa. Kuopa njira yosayesedwa ndi udindo wa dokotala. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mmene otsatira ambiri anakambira nkhaniyi. Funso lawo lalikulu silinali lakuti khosi ndi la yani, koma lakuti kuvulalaku kutsitsa mtengo wake ndi zingati. Anthu omwe aja amene anauzidwa kuti asunge khosi analephera kuona khosi lenileni la mnyamata amene anamugula ndi manyazi awo. Pa 4 Novembala 2021 anatumizidwa ku Vegas, anachitidwa opaleshoni imene ankafuna, nabwerera m'bwalo mu Febuluwale 2022. Atabwera kudzasewera ku Buffalo mwezi wotsatira, anamukuwiza. Mu Juni 2023 ananyamula chikho ndi timu imene inali ndi zaka 6 zokha chiyambire.

Tisafulumire kupereka chipambano kwa gulu lachiwiri, pakuti nalonso lili ndi matenda ake, ndiwo kuweruza msanga. Pamene O'Reilly ankanyamula chikho, panalibe mawu oipa amene sananenedwe za kusinthanitsa kuja, makamaka za mnyamata wamtali wowonda amene anabwera m'malo mwake, Tage Thompson, amene zaka zake zoyamba ku Buffalo zinali zosaoneka bwino. Mphunzitsi Don Granato atamusuntha kumuika pakati, mnyamata yemweyo anamwetsa zigoli 38, ndipo chaka chotsatira, cha 2022 mpaka 2023, anamwetsa 47. Pa kusinthanitsa kwa Eichel kunabwera Alex Tuch, wobadwira ku Syracuse, amene anakula akuchemerera Sabres ndipo anabwera mokondwa kumene ena ankathawa. Kusinthanitsa osewera kuli ngati kubzala mtengo wa mango. Amene afuna chigamulo usiku womwewo adzanena zambiri zimene pambuyo pake adzafuna kuti anthu aiwale. Koma taonani kuti chimene chinadzutsa Thompson si maere kapena mchira. Anali mphunzitsi amene anamuyang'anitsitsa munthuyo ndi kuona chimene ena sanaone, ntchito yachete imene palibe amene amaiombera m'manja ndipo siilowa m'mikangano ya ochemerera.

Akuluakulu a ligi nawo anaona kuti lamulo lawo likubala zipatso zowawa. Kuyambira 2016 anayamba kuchitira maere malo atatu oyamba, kotero kuti wothera kumchira akanatha kutsika mpaka pa malo achinayi. Mu 2021 anasinthanso, naika malire akuti timu isakwere ndi maere koposa kawiri m'zaka 5. Zonsezi ndi zigamba pa nsalu yomweyo, pakuti kugonja kukadali ndi mphotho, yangochepa. Njira ina inaganiziridwa ndi munthu wina wophunzira za masamu, Adam Gold, ndipo ligi ya hockey ya amayi, Professional Women's Hockey League, inaitenga mu 2024. Mwa njira imeneyi, timu ikangotsimikizika kuti siingalowenso m'ndime yachipulula, imayamba kusonkhanitsa mapointi atsopano pa masewero amene yatsala nawo, ndipo imene yasonkhanitsa ambiri ndiyo imasankha poyamba. Wofooka amathandizidwabe, chifukwa amene watuluka msanga ali ndi masewero ambiri osonkhanitsira, koma kuti alandire thandizolo ayenera kupambana. Njirayi nayo ili ndi pobowoka pake, popeza timu ingathe kugonja dala kumayambiriro kwa chaka kuti ituluke msanga. Chaka choyambacho timu ya New York ndiyo inapeza malo oyamba mwa njira imeneyi, ndipo inasankha Sarah Fillier.